Madzi Ogona

Nsomba ziwiri zoyamba zinafa Lachinayi m'mawa, m'madzi oyera mbee, oti munthu n'kumwa. ANasopo anazipeza atangotsegula makatani a pabalaza. Imodzi inali itatembenuza mimba pamwamba pa madzi, inayo itapanikizika pakati pa miyala, kukamwa kuli yasa. Anagogoda galasi ndi chikhadabo, koma yakufa sidzuka ndi kugogoda. Khumi zotsalazo zinali zitaunjikana pamwamba, zikutsegula ndi kutseka kukamwa ngati zikuitana munthu.

Dzina loti aNasopo analitengera kuchipatala, kumene anakolopa mawodi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ngakhale madokotala ankayenda monyang'ama akaona chikolopa chawo chikubwera. Ntchito anapuma, koma manja sanapume. M'nyumba mwawo munthu akanatha kudyera pansi pa firiji osadwala. Chinthu chimodzi chokha ndi chimene sankaloledwa kukhudza: thanki yagalasi ya amuna awo, yaitali ngati benchi, imene inakhala pansi pa windo la pabalaza.

Amuna awowo anthu ankawatchula kuti a Mapaipi, chifukwa moyo wawo wonse anathera pokonza mipope ya m'nyumba za eni. M'thankimo ankasungamo mbuna khumi ndi ziwiri, tinsomba tamitundu towala, tolusa ngati atambala koma tosachedwa kufa. Sefa anaipanga okha ndi zidutswa za mapaipi. Pampu inkakweza madzi, madziwo n'kudutsa m'kabokosi momwe munali siponji, n'kubwerera m'thanki. Siponji imeneyo inali yakuda bii, yoterera, yonunkha ngati matope a m'ngalande. Pakhonde panalinso mgolo wa madzi amene a Mapaipi ankawasiya agone masiku atatu asanawathire m'thanki. Zaka zisanu ndi zinayi aNasopo ankaziyang'ana ziwirizi ndi diso lofiira.

“Ichi ndi chimbudzi pabalaza,” ankatero.

“Chimbudzi changa, amayi,” a Mapaipi ankayankha. “Inu muli ndi nyumba yonse. Ine ndisiyireni kakona aka.”

Nsomba iliyonse inali ndi dzina. Yaimuna yabuluu imene inkathamangitsa zinzake inali Bwanamkubwa. Panali Mlonda, amene sankachoka pakhomo la phanga lake. Ndiye panali kachikasu kakakazi, Mayi Busa. Mbuna yaikazi imasunga mazira mkamwa mpaka ana ataswa n'kukhwima, masabata atatu athunthu osadya kanthu, masaya ali tutu. A Mapaipi ankati kameneka kanamva zinsinsi za mpingo wonse koma sikangaulule.

Tsiku limene Mayi Busa anatola mazira, a Mapaipi anazunguliza tsiku la makumi awiri ndi limodzi pakalendala. Patapita masiku awiri anagwa m'bafa. Mbali yonse yakumanja inafa, mawu anapita. Kuchipatala anangotsala ndi dzanja lamanzere ndi mafunso awiri. Akazi awo akalowa ndi chakudya, iwo ankagwedeza zala ngati nsomba zosambira.

“Zilipo zonse, khumi ndi ziwiri,” aNasopo ankayankha.

Kenako ankatukumula tsaya limene linkagwirabe ntchito.

“Sanalavule. Akudikira inu.”

Akamva zimenezo ndi pamene ankalola kudya. Za mwana wawo wotsiriza, amene aliyense ankangomutchula kuti Chitsirizira, sankafunsa. Mtsikanayo ankaseka n'kumati m'nyumba muno iye ndi wachikhumi ndi chitatu.

Lachitatu dokotala ananena kuti Loweruka wodwala apita kwawo. ANasopo anabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, ndipo anachita chimene ankachita nthawi zonse wodi ikamayembekezera wodwala wofooka. Anachapa makatani, anayanika matiresi, anakolopa mpaka makoma. Atamaliza anaima pakati pa balaza, manja m'chiuno, maso pa thanki. Galasi linali litamera ndere. Munthu wofa ziwalo, wa chifuwa chofooka, azikhala tsiku lonse pafupi ndi zimenezi?

Anagwira ntchitoyo mwaulemu, zimenezo palibe angawanene. Nsomba anaziwola imodziimodzi ndi kaukonde n'kuziika m'beseni. Miyala anaiwiritsa. Galasi analikwecha mpaka linalira. Madzi a mumgolo anawataya onse pa maluwa, poti kuwodi lamulo linali lakuti madzi ogona sagwiritsidwa ntchito, amasunga matenda. Siponji ndiyo inawavuta. Anaichapa ndi sopo katatu, anainyika m'mankhwala oyeretsera zovala, anaitsukuluza kasanu ndi kawiri, mpaka inayera ngati buledi. Kenako anadzaza thanki ndi madzi atsopano a pampopi, ozizira bwino, n'kubwezeramo nsomba. Madzulo amenewo thankiyo inkawala ngati ya m'sitolo, ndipo aNasopo anaganiza za nkhope ya amuna awo akadzaiona.

Ndiye kunacha Lachinayi, ziwiri zitafa.

Anazikulunga m'nyuzipepala. Anaganiza kuti mwina dothi linatsalira penapake, choncho anachotsa theka la madzi n'kuthiramo ena a pampopi. Poona kuti nsomba zafooka, anazithirira chakudya chambiri, monga amachitira ndi wodwala aliyense wofooka. Chakudyacho chinangomira osakhudzidwa.

Masana kuchipatala a Mapaipi anagwedeza zala.

“Zilipo,” aNasopo anatero, maso ali pa mbale.

A Mapaipi anagwedezanso zala, mwamphamvu. Ankafuna nambala.

“Khumi ndi ziwiri, abambo. Zingapite kuti?”

Pobwerera anapeza zina zitatu zitafa, ndipo madzi anali atayamba kuchita mbuu ngati mwagwera dontho la mkaka. Lachisanu m'mawa zinafanso zitatu. Imodzi mwa izo inali Bwanamkubwa, buluu wake yense atazilala, ali phulusa. Zinatsala zinayi. Mayi Busa anali pansi pakona, masaya ali tutu, akupuma mofulumira.

“Tingogula zina, amayi,” anatero Chitsirizira akumanga nsapato kuti azipita kuntchito. “Nsomba ndi nsomba. Yabuluu, yachikasu, adadi adziwa bwanji?”

“Abambo ako anataya mawu, sanataye maso.”

“Ndiye muwauza?”

ANasopo anatunga madzi a m'thanki m'kabotolo, anakulunga Bwanamkubwa, anakwera basi.

Sitolo ya nsomba inali kuseri kwa msewu wa okonza njinga zamoto, m'kachipinda kamdima konunkha chinyezi. Mathanki anali osanjikizana mpaka kudenga, mapampu akung'ung'udza. Mwini wake, a Ndevu, anali mnzawo wa a Mapaipi kuyambira kalekale, nkhalamba ya mawu osasa imene malaya ake sanaumepo. ANasopo anali asanapondemo chikhalire. Anaima pakhomo, akuyang'ana poti aike phazi.

“Alamu! Lero kugwa matalala,” anatero a Ndevu. “Mwabwera kudzatikolopera? Ali bwanji mkulu wanga?”

“Akutuluka mawa.”

“Ndiye nkhope yamaliroyo ndi ya chiyani?”

Anatambasula nyuzipepala pa kauntala. A Ndevu anasiya kuseka. Anavala magalasi, ananyamula nsombayo, anaitsegula m'mbali mwa mutu momwe imapumira. M'malo mofiira bwino, munali mofiirira ngati nyama yogona.

“Uyu ndinamugulitsa ndine, ali ngati chikhadabo. Zafa zingati?”

“Zisanu ndi zitatu. Kuyambira dzulo.”

“Masiku awiri?” A Ndevu anaimba mluzu. “Matenda sathamanga choncho. Matenda amatenga imodzi lero, ina sabata yamawa, ndipo umaona mimba yotupa kapena timadontho toyera. Kumenyana nakonso kumasiya zipsepse zong'ambika. Uyu alibe bala. Izi ndi za m'madzi. Munapopera mankhwala a udzudzu pabalaza?”

“Ayi.”

“Munapenta? Munafukiza kanthu?”

“Ayi.”

“Magetsi anazima, pampu n'kuima?”

“Sanazime.”

“Wina anapisamo dzanja atadzola mafuta? Chitsirizira uja ndi mafuta ake onunkhira mpaka kumsewu?”

“Sayandikirako n'komwe.”

“Munaikamo nsomba yachilendo? Mwala wotola panjira?”

“Palibe chachilendo, alamu. Ndipo musaganize za uve. Thanki imeneyo sinayerepo ngati mmene ilili panopa. Ndinaitsuka ndekha Lachitatu.”

A Ndevu anavula magalasi pang'onopang'ono.

“Munaitsuka.”

“Yonse. Miyala ndinawiritsa.”

“Madzi munatenga mumgolo?”

“Ogona aja? Ndinataya. Ndinathira atsopano.”

“Nanga siponji?”

Pamenepo aNasopo anamva mawu awo akuchepa okha. “Inayera,” anatero.

A Ndevu anakhala pa chigubu. Kenako anadontheza mankhwala m'kabotolo ka madzi kaja, anakagwedeza, madziwo n'kusanduka obiriwira. Sanawaonetse n'komwe, anangokaika pambali.

“Alamu, inu mwagwira ntchito kuchipatala. Madzi a pampopi amathiramo chiyani?”

“Kolorini.”

“Kuti aphe tizilombo. Ife timamwa, sitimva kanthu. Koma nsomba imapumira m'madzi momwemo, ndiye imapsa mopumira monse, ngati inu mutakoka mpweya wa mankhwala anu aja m'chipinda chotseka. Mkulu wanga ankagoneka madzi kuti ukali umenewo uuluke. Komanso madzi ozizira mwadzidzidzi, mbuna sizifuna. Chimenecho ndi choyamba. Chachiwiri ndi siponji.” Anapisa dzanja m'sefa ya thanki ina n'kutulutsa chinthu chakuda, chikudontha. “Nsomba imakodza momwe imamwa. Mkodzo umenewo ndi poizoni. Mu uve uwu muli tizilombo tamoyo timene timadya poizoniyo usana ndi usiku. Timatenga mwezi ndi kuposa kuti tikhazikike. Ta mkulu wanga tinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Inu munatipha tonse masana amodzi.”

“Ndinatsukuluza kasanu ndi kawiri.”

“Ngakhale mukanatsukuluza ka makumi asanu. Munachotsa okolopa onse m'wodi n'kutseka chitseko, odwala ali momwemo.”

ANasopo anagwira kauntala. Inali yonyowa, yomata, koma sanachotse dzanja.

“Ndinazithiriranso chakudya,” ananena motsitsa. “Ndi madzi ena dzulo.”

“Basi, musandiuzenso, mtima wanga ndi wokalamba.”

“Ndigulitseni zina zofanana nazo.”

“Kuti mukaziphenso? M'thanki imeneyo chilichonse chimene mungaikemo sabata ino chifa. Ndipo mkulu wanga amadziwa mamba a nsomba iliyonse. Mungamunamize tsiku limodzi, osati awiri. Mayi Busa alipo?”

“Alipo. Sanalavule.”

A Ndevu anadzuka msangamsanga. “Ndiye tisataye nthawi. Zotsalazo muzichotsemo lero lomwe. Muli ndi beseni losadziwa sopo?”

ANasopo anaganiza za mabeseni awo onse, ndowa, miphika, ngakhale chidebe cha amuna awo chimene anachikwecha Lachitatu lomwelo.

“M'nyumba mwanga?” anatero.

A Ndevu anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. Anawapatsa ndowa yawo yobiriwira ndi ndere, chigubu cha madzi a m'thanki yawo, kapampu kakang'ono ka thovu, ndi siponji yakuda ija m'jumbo ya pulasitiki.

“Iyi isaume, isaone mpopi, isaone sopo. Muiike m'ndowamo mmene ililimu. Chakudya ayi, ngakhale zikupempheni ndi mawu. Ndipo manja anuwo, alamu, amanunkha mankhwala ndili kuno. Musambe ndi madzi a m'chigubu musanazigwire.”

“Zichira?”

“Zimene zapsa kale mkati, zapsa. Ine si Mulungu, ndimangogulitsa nsomba.”

M'basi jumbo ija inkadontha pa siketi yawo. Mayi amene anakhala naye pampando anasunthira kuwindo atagwira mphuno. ANasopo, amene kale ankabweza anamwino pakhomo la wodi chifukwa cha matope a kunsapato, anangoifungatira jumboyo pamiyendo ngati mwana wodwala.

Kunyumba anapeza zina ziwiri zitafa. Anasamutsa Mlonda ndi Mayi Busa n'kuwaika m'ndowa, analumikiza kapampu. Ali mkati motsegula jumbo, Chitsirizira analowa kuchokera kuntchito.

“Mayo! Chimenecho n'chiyani? Bweretsani ndikataye.”

“Usakhudze!”

“Ndiye ndikachape kaye, amayi, chikununkha nyumba yonse.”

“Ndati usakhudze! Ukachiyandikiza kumpopi ndikuthyola dzanja.”

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo. Anayang'ana amayi ake atagwada pansi, siketi ili ndi madontho akuda, akumiza uvewo m'madzi ndi manja awiri.

“Munandiphunzitsa ndinu,” ananena chapansipansi.

“Ndikudziwa.”

Tsiku limenelo aNasopo sanapite kuchipatala. Anatuma Chitsirizira ndi chakudya, ndipo mtsikanayo pobwera anati adadi anagwedeza zala katatu, iye anangonamizira kuti sakumva, ndipo chakudya chinabwerera chosakhudzidwa.

Loweruka m'mawa Mlonda anali atauma. Mayi Busa anali atagona cham'mbali pansi pa ndowa, akudzuka pang'ono, n'kugweranso. Masaya anali akadali tutu. Pakalendala panatsala masiku awiri kuti lifike tsiku lozungulizidwa lija.

Galimoto inafika dzuwa lili pamutu. Woyendetsa ndi Chitsirizira anatsitsa a Mapaipi n'kuwakhazika pa njinga ya odwala. Anali atachepa, kolala ya malaya ikulendewera. Pakhomo sanayang'ane makatani ochapa kapena makoma owala. Dzanja lamanzere linaloza pabalaza.

Thanki inali pamalo pake, yowala, yodzaza madzi, pampu ikulira, mopanda kanthu kamoyo. A Mapaipi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako maso awo anatsikira pa ndowa yachilendo imene inali pansi.

Chitsirizira anayamba: “Adadi, magetsi anazima, ndiye...”

“Khala chete,” anatero aNasopo. Anagwada patsogolo pa njingayo. “Ndine, abambo. Ndinatsuka. Ndinataya madzi a mumgolo, ndinachapa siponji ndi mankhwala. Lachinayi ndinakunamizani. Zafa khumi ndi imodzi.”

Anapita kukatenga siponji yoyera ija n'kuwaikira pamiyendo. A Mapaipi anainyamula, anainunkhiza, anaifinya. Inatuluka madzi oyera. Kukhosi kwawo kunatuluka kaphokoso, osati mawu, ngati mpope umene mwalowa mpweya. Mbali yamoyo ya nkhope inakwinyika, yakufayo inangokhala phee, ndipo aNasopo sanadziwe kuti ayang'ane iti.

Kenako dzanja lija linamenya chogwirira cha njinga. Linaloza ndowa. Anawayandikiza. A Mapaipi anawerama mpaka Chitsirizira anawagwira phewa kuti asagwe. Anayang'ana Mayi Busa, amene tsopano ankangogwedeza chipsepse chimodzi. Analoza mbale yagalasi ya pa shelefu, kenako anapukusa mutu okha, poti nayo inkadziwa sopo. Analoza jumbo ya a Ndevu ija. ANasopo anaitsegula, anathiramo madzi a m'chigubu, Chitsirizira n'kuigwira kukamwa. A Mapaipi anachita ngati akukhwecha machesi. Anawabweretsera kamtengo ka machesi.

Ntchito imeneyi aNasopo anaionapo kawiri ali chapatali, akunyansidwa. Nsomba yaikazi ikadwala ana ali mkamwa, mwini amaigwira ndi dzanja limodzi, ndi linalo n'kuitsegula kukamwa kuti ana atuluke isanafe nawo. Imafuna manja awiri. A Mapaipi anayang'ana dzanja lawo lakumanja, litagona pa ntchafu ngati la munthu wina. Kenako anayang'ana manja a akazi awo. Nkhope yawo sanaiyang'ane.

ANasopo anasamba m'manja ndi madzi otsala a m'chigubu, opanda sopo. Anapisa m'ndowa. Nsombayo sinathawe n'komwe. Inali yoterera, yopepuka, yowonda ndi njala ya masabata atatu. Anaigwira mutu uli pansi, kukamwa kuli m'madzi a m'jumbo, monga dzanja la amuna awo linawalozera. A Mapaipi analowetsa kamtengo pa mlomo wa m'munsi. Dzanja lamanzere linali lisanazolowere, ndipo kawiri kamtengoko kanaterereka. Kachitatu kukamwa kunatseguka.

Tiana tinatuluka ngati njere za mpunga zokhala ndi maso. Kamodzi, tiwiri, kenako kagulu. A Mapaipi anagwedeza nsombayo pang'ono ndi kamtengoko, tinatulukanso tiwiri. Tonse tinali tisanu ndi tinayi. Tinayi tinamira pansi pa jumbo n'kukhala pomwepo, toyera. Tisanu tinanjenjemera, n'kuyamba kusambira mozungulira.

Mayi Busa anafera m'manja mwa aNasopo, kukamwa kuli chitsegukire. Anamva okha mmene thupilo linalekera kulimba.

“Tisanu, adadi,” anatero Chitsirizira, akulira ndi kuseka pamodzi. “Tisanu tili moyo.”

A Mapaipi anatsanulira tianato m'ndowa mosamala, pafupi ndi siponji yakuda ya a Ndevu, ndipo tinathawira pansi pake. Kenako anakoka ndowayo ndi dzanja lawo limodzilo, pang'onopang'ono kuti madzi asatayike, mpaka inafika kumanzere kwa njinga, kumbali yamoyo. Anaweramira komweko.

ANasopo anadikira kuti zala zija zigwedezeke, ziwafunse nambala monga kuchipatala. Sizinagwedezeke. A Mapaipi ankawerenga okha, milomo ikuyenda popanda mawu, akafika pa kachisanu n'kuyambiranso.

Kumanzereko malo anali atatha, ndowa ndi khoma. ANasopo anakoka kampando n'kukhala kumanja, kumbali yakufa, kumene amuna awo sankatha kutembenukira. Nsomba yachikasu ija inali ikadali m'dzanja mwawo. Madzi a m'ndowa anali atadonthera pa simenti n'kusiya mzere wakuda kuchokera pawindo mpaka pa njinga, ndipo chikolopa chinali pomwepo, kuseri kwa chitseko. Anachiyang'ana, osadzuka.